Amayi analembedwa koma salandira Mtukula Pakhomo: tifufuze bwanji tilibe intaneti?

Funso lachokera ku Namwera, m'boma la Mangochi: "Mayi anga ndi okalamba, akulera zidzukulu ziwiri, ana a mchimwene wanga amene ali ku Joni. A kalembera anabwera n'kuwafunsa mafunso ambirimbiri, koma mpaka lero salandira Mtukula Pakhomo. Azakhali anga amalandira pa foni, koma ulendo uno uthenga sunabwere. Tonse tili ndi mafoni a mabatani. Mnyamata wina pamsika akuti tikamupatsa K5,000 ationera maina pa intaneti. Tingadziwe bwanji ngati amayi ali oyenera, nanga ndalama za azakhali zili pati?"

Achemwali, K5,000 yanuyo isungeni. Mndandanda wa olandira Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, suikidwa poyera pa intaneti kuti aliyense wokhala ndi bandulo azitsegula n'kumawerenga maina. Uli m'makompyuta a khonsolo ndi a unduna woona za chisamaliro cha anthu, ndipo amalowamo ndi antchito a pulogalamuyo okha. Mnyamatayo akhoza kudinadina foni yake pamaso panu, tsinya lili gwa, koma chimene adzakuuzeni adzachipeka pomwepo. Choipa kwambiri n'chakuti adzapempha chiphaso cha unzika cha amayi ndi nambala ya foni ya azakhali, ndipo izi ndi zimene wakuba amayamba kusaka. Kusowa intaneti sikunakumaneni kanthu. Wa foni yapamwamba ku Blantyre ndi inu wa foni ya mabatani ku Namwera, nonse mumagogoda khomo limodzi.

Nkhani zanu ndi ziwiri ndipo musakazifunse pamodzi. Ya amayi ndi yofuna kudziwa ngati anasankhidwa n'komwe. Ya azakhali ndi ya munthu amene ali kale m'kati koma ndalama sizikuoneka. Ndiyamba ndi ya amayi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka.

Anthu anabwera aja, onyamula matabuleti n'kumafunsa za denga, chimbudzi ndi ziweto, ntchito yawo inali kulemba basi. Zimene amalemba zimakalowa m'kaundula wamkulu wa boma wotchedwa UBR, momwe mapulogalamu osiyanasiyana amatapamo maina, Mtukula Pakhomo ali mmodzi mwa iwo. Kalemberayu ali ngati khoka la chilimira: amakokolola chilichonse chili m'madzi, kusankha kumakachitikira kumtunda. Ndiye mawu akuti "tinalembedwa", amene amamveka kuyambira ku Chilipa mpaka ku Makanjira, satanthauza kuti munthu walowa. Mudzi wonse ukhoza kulembedwa, olandira n'kukhala owerengeka.

Zoyenereza ndi ziwiri, ndipo zonse ziyenera kupezeka pa khomo limodzi. Choyamba ndi umphawi wadzaoneni. Apa sayeza ndi maso kapena ndi chisoni. Mayankho aja kompyuta imawaphatikiza n'kundandalika makomo kuyambira losaukitsitsa kukwera m'mwamba, kenako pamadulidwa mzere, pakuti pulogalamuyi inakonzedwa kuti izifikira khomo limodzi pa makomo 10 alionse. Kalembera wa dziko wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo amene amagona ndi njala mwezi wa February ndi ochuluka kuposa malo amene alipo. Amayi akhoza kukhala osauka zenizeni, mudzi wonse n'kuchitira umboni, koma mzere n'kudulidwa iwo asanafikiridwe.

Chachiwiri ndi chimene ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu. Khomolo liyenera kukhala loperewera manja ogwira ntchito. Muyeso wake ndi uwu: pasakhale munthu wa zaka 19 mpaka 64 wathanzi lake, kapena ngati alipo, akhale akusenza yekha anthu oposa atatu. Osenzedwawo ndi ana osakwana zaka 19, okalamba opitirira zaka 64, odwala matenda a mgonagona, ndi aulumali umene suwalola kugwira ntchito. Tsopano tiwerenge za kwa amayi. Ngati analembedwa kuti pakhomo pali iwo ndi zidzukulu ziwiri, wogwira ntchito palibe, ndipo muyeso uwu adutsa bwinobwino. Koma ngati analembetsanso achimwene anu a ku Joni aja ngati munthu wapakhomo, kompyuta ikuona bambo wamphamvu mmodzi wosamalira anthu atatu, amayi ndi ana awiri. Atatu si oposa atatu. Khomo lagwa pamenepo, ngakhale achimwenewo atatha chaka chathunthu osatumiza olo sopo.

Zimenezi zimachitika kwambiri kuno kwathu, kumene mudzi ndi mudzi uli ndi anyamata ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ena ali kunyanja miyezi yathunthu osaponda pakhomo. Mayi akafunsidwa kuti "pano mulipo angati?" sangasiye mwana wobereka yekha, kumusiya kumamveka ngati kumukana. Chonsecho funsolo likufuna okhawo amene amagona pakhomopo ndi kudya za mumphika umodzi. Palinso ulemu wathu uja wosafuna kuonetsa usiwa kwa mlendo. Agogo anagona ndi njala dzulo, koma akafunsidwa kuti amadya kangati pa tsiku, akuti "kawiri, mwanangu, Mulungu akutisunga." Njinga yobwereka yotsamira pakhonde, mbuzi za alamu zosungitsa m'khola, malata amene mwana anakhoma asanasowe, zonsezi zimakweza khomo pa mndandanda. Pa za malata ine ndimaona kuti muyesowu umalakwira anthu, chifukwa denga silidyedwa, ndipo ku Mangochi kuno nyumba zamalata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni zili mbwee, zina m'kati mwake muli gogo wopanda ufa. Koma ndi mmene makinawo amawerengera. Sindikuti mukaname ayi. Bodza limaululika pamsonkhano wa m'mudzi ndipo limachotsetsa dzina. Ndikuti zoona zinenedwe zonse: njingayi si yanga, mbuzizi ndi za eni ake, mwana uja anachoka chaka chakuti.

Mndandanda ukatuluka umabwerera kumudzi. Pamaitanidwa msonkhano wa midzi yoyandikana imene inaikidwa m'gulu limodzi, antchito amati kilasita, maina n'kuwerengedwa mokweza kuti anthu avomereze kapena atsutse. Khonsolo ikavomereza, osankhidwa amaitanidwanso tsiku lina. Patsikulo amasonyeza chiphaso, amajambulidwa chithunzi, amatchula munthu wowalandirira akadwala, ndipo amapatsidwa kabuku kapena kukonzeredwa nambala ya foni yolandirirapo. Ndiye afunseni amayi madzulo ano. Chichokereni a matabuleti aja, anaitanidwaponso kwina? Anajambulidwa? Ali ndi kabuku kapena pepala lililonse la pulogalamuyi? Ngati zonsezi ayi, nthawi zambiri ndiye kuti sanalowe, ndipo palibe ndalama yawo imene yaima panjira. Koma ngati anaitanidwa n'kulephera kupita chifukwa cha maliro kapena matenda, imeneyo ndi nkhani yothamangira sabata ino, osadikira.

Woyamba kumufunsa ndi wa komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu. Ndi anthu a m'midzi momwemo, ongodzipereka, amene amalengeza masiku olandira ndi kuyendera olandira, ndipo kuwapeza sikufuna thiransipoti. Nkhani yagona pa kafunsidwe. Mukati "bwanji mayi anga salandira?" adzakuyankhani kuti "ndi a boma," basi nkhani yatha. Funsani chimodzichimodzi. Kodi dzina la amayi linawerengedwa pamsonkhano uja? Lili pa mndandanda wa olandira, kapena linangothera m'kaundula? Mlangizi wa chisamaliro cha anthu woyang'anira dera lino ndani, ndipo abwera liti? Funso la mndandanda wa olandiralo musalilumphe, chifukwa ndi limene lingaulule ngati pali wina amene akulandira m'dzina la amayi. Amfumu apatseni ulemu wawo, muwadziwitse zimene mukuchita, ndipo kalata yawo yotsimikiza kuti amayi ndi a m'mudzimo komanso kuti achimwene sakhala pakhomopo idzakuthandizani kutsogoloku. Koma amfumu alibe mphamvu yolowetsa dzina m'kompyuta. Wokuuzani kuti "konzani kangachepe tikaonane ndi amfumu" akungofuna kangachepeko.

Tsiku labwino kwambiri lofunsa ndi limene a kukhonsolo abwera okha m'dera, kaya kudzalipira, kudzatsimikiza olandira kapena kudzamva madandaulo. Amabwera ndi mndandanda m'manja, ndipo ngakhale amayi salandira, palibe wokuletsani kufika pasukulu kapena pabwalo pamene akumanapo n'kudikira mzere uthe. Zikakanika, ndiye tsikani Chowe, muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi, mukafunse ofesi ya chisamaliro cha anthu kukhonsolo ya Mangochi, imene ambiri amangoti kwa a sosho. Musanakwere galimoto, pemphani wa komiti aimbe kaye foni kuti mudziwe ngati woona za Mtukula Pakhomo alipo, chifukwa masiku ambiri antchitowa amakhala ali kumidzi, ndipo ndalama ya ulendo wobwerera chimanjamanja ikanagula ndiwo za sabata. Ngati thupi likulola, pitani ndi amayi eni ake. Zokhudza munthu sizimauzidwa kwa aliyense wongobwera n'kunena kuti ndine mwana wawo. Munyamule chiphaso chawo, kalata ya amfumu, mabuku a kuchipatala ngati pali wodwala, ndi maina a ana pamodzi ndi sukulu ndi makalasi awo.

Pa maina samalani. Kwathu kuno mayi amadziwika m'mudzi kuti Abiti Uje, kusukulu kwa ana amalembedwa ndi dzina la amuna awo, pa chiphaso pali dzina lina, ndipo kalaliki wina analemba Asiyatu pomwe mnzake analemba Asiatu. Kompyuta sidziwa kuti onsewa ndi munthu mmodzi. Wantchito akalemba dzina limodzi n'kunena kuti "mulibe," musanyamuke. Pemphani afufuze ndi nambala ya chiphaso, kenako ndi maina ena aja, ndipo mutchule mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu, kaya ndi Jalasi, Bwananyambi kapena Katuli, pakuti mndandanda umasanjidwa motsata mafumu.

Ndikuuzirenitu kuti simudzatuluka mu ofesimo dzina litalowa. Kusankha kumachitika pakapita zaka, mwa dongosolo pafupifupi zinayi zilizonse, ndipo wantchito mmodzi sangaonjezere khomo yekha ngakhale atamva chisoni chotani. Chimene mungapindule ndi kudziwa pamene amayi aima, ndi kupempha kuti cholakwika chilichonse, monga cha achimwene aja, chilembedwe pa fomu kuti chikonzedwe. Boma lakhalanso likuyesa kasankhidwe kena koyang'ana magulu monga okalamba, aulumali ndi ana aang'ono, choncho funsani kuti ulendo wotsatira ku Mangochi adzatsata muyeso uti, ndipo a kalembera akamadzabweranso mudzakhale pambali pa amayi. Musasokonezenso makomo. M'bwezera Chilengedwe, pulogalamu ya ntchito zolipidwa zosamalira chilengedwe, ndi ya anthu amphamvu zogwira khasu, mwina inuyo. Chimanga cha nthawi ya njala chimadutsa ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, ndi makomiti ake a m'midzi. Feteleza wotsika mtengo ndi nkhani ya alangizi a zaulimi, ndipo kukafunsa zimenezo kwa a sosho n'kutaya tsiku.

Tsopano azakhali. Asanayende mtunda uliwonse, afunse anzawo atatu kapena anayi a m'kilasita yomweyo amene amalandira nawo. Ngati onse sanalandire, akhale pansi, ndalama sizinatuluke. Pulogalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006, Mangochi ili m'gulu la maboma 7 oyambirira, ndipo inafika m'maboma onse 28 mu 2018, koma gawo lalikulu la ndalama zake lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja. Kwa zaka zambiri za ku Mangochi zakhala zikuchokera ku boma la Germany kudzera ku banki yake ya KfW. Ndalama zodutsa m'maofesi ambiri chotero zimachedwa, pena mwezi, pena kuposa. Zikachedwa mwa mtundu umenewu sizipsa, zimabwera zitaunjikana pamodzi ndi za miyezi yotsalira. Chofunika n'chakuti azakhali alembe penapake mwezi womaliza umene analandira, kuseri kwa kabuku kapena pa kalendala, kuti zikadzabwera adzathe kuwerenga ngati zakwana. Azimveranso zolengeza za pa wailesi za kwathu kuno monga Dzimwe, ndi za kumzikiti kapena kutchalitchi, pakuti uthenga wa komiti umadutsa mmenemo.

Koma ngati anzawo alandira, tengani foni ya azakhali m'manja. Uthenga wosabwera si umboni wakuti ndalama sizinalowe. Timafoni tamabatani timadzaza msanga: pamwamba pa galasi pamaoneka kaenvelopu kophethiraphethira, kusonyeza kuti mauthenga atsopano akusowa polowera, ndipo agogo ambiri amangokaona osadziwa kuti kakunena chiyani. Zidzukulu nazo zimafufuta mauthenga posewera. Kumbali ya Chiponde foni imathanso kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique mwini wake osadziwa. Ndiye fufutani mauthenga akale, mukwere pamene netiweki imagwira bwino, n'kuimba *211# ngati ndi Airtel Money, kapena *444# ngati ndi TNM Mpamba. Manambala amenewa safuna bandulo kapena intaneti, amangofuna timizere ta netiweki. Tsatirani zosankha mpaka pa akaunti, muone ndalama zotsala, ndipo nambala yachinsinsi alowetse azakhali eni ake, inu mutayang'ana kumbali. Ngati aiiwala, musalote. Mukaphonya kangapo akaunti imatsekedwa, ndipo kuitsegula kumafuna mwini wake ndi chiphaso.

Musathere pa balansi. Ziro ali ndi matanthauzo awiri: ndalama sizinalowe, kapena zinalowa n'kutuluka. Pemphaninso pa foni pomwepo mndandanda wa zimene zachitika posachedwa pa akauntiyo, umene umabwera ngati uthenga wamba. Olandira kudzera kubanki apemphe chimodzimodzi kwa ejenti wa bankiyo kapena panthambi yake.

Zikaoneka kuti zinalowa n'kutapidwa, funso ndi lakuti nambala yachinsinsi akuidziwa ndani. Apa pamafunika kuugwira mtima, chifukwa kawirikawiri si munthu wakutali. Okalamba ambiri amapatsa mdzukulu foni kuti "kanditchajire kwa a sola," simu ili momwemo, nambala yachinsinsi ndi chaka chobadwa, kapena yalembedwa pa kapepala kopindidwa kuseri kwa batire. Ena anasiya simu kapena kabuku kwa wakatapila ngati chikole nthawi ya njala, ndipo manyazi akuwaletsa kunena. Ena anaimbiridwa ndi munthu wa mawu aulemu wakuti "tikuimba kuchokera ku Mtukula Pakhomo, tikukonza akaunti yanu, tiuzeni nambala yachinsinsi," iwo n'kumuuza. Wantchito weniweni wa boma kapena wa kampani ya foni safunsa nambala imeneyo, ndipo safunsa ndalama yotsegulira ndalama. Afunseni azakhali muli awiri, mofatsa, osati pamaso pa ana. Uthenga wa kutapa umasonyeza tsiku, nthawi ndi kumene ndalama zinapita, choncho musaufufute. Nambala yachinsinsi isinthidwe tsiku lomwelo, nkhani ikanenedwe ku kampani ya foni ndi kukomiti, ndipo ngati ndi kuba, kupolisi. Za wakatapila ndinene mosabisa: wosunga simu ya wolandira akudya ndalama za ana amasiye, ndipo komiti iyenera kudziwa, ngakhale ngongoleyo ili yoona.

Zikaoneka kuti sizinalowe n'komwe, yambani ndi simu. Simu yogona m'kachikwama miyezi yambiri osaimbira kapena kuikamo mayunitsi imatsekedwa, ndipo pamapeto pake nambalayo imaperekedwa kwa munthu wina. Ikatayika, anthu amathamangira kugula ina ya nambala yatsopano, koma ndalama zimapitabe ku yakale. Njira yake ndi kukabwezeretsa nambala yomwe ija kushopu ya kampani, chiphaso chili m'manja. Kuyambira 2018 simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye ngati ya azakhali inalembetsedwa m'dzina la mwana wawo, dzina la pa foni ndi la pa mndandanda sizigwirizana. Simu ikakhala bwino, vuto lili pa dzina lenilenilo. Kuphonya tsiku lotsimikiza olandira, kusamukira kwa mfumu ina osanena, kapena kulembedwa molakwika kuti munthu anamwalira, zonsezi zimaimitsa malipiro. N'kuthekanso kuti kasankhidwe katsopano kanachitika khomo lawo n'kutuluka, mwina chifukwa ana amene ankawerengedwa ngati osenzedwa akwanitsa zaka 19. Zonsezi foni singakuuzeni. Amene angakuuzeni ndi mlangizi kapena ofesi ija, ndipo funso lake ndi lachindunji: dzina ili linali pa mndandanda wa malipiro a ulendo uno? Ngati linalipo, ndalama zinatumizidwa pa nambala iti? Ngati panalibe, linaimitsidwa liti ndipo pa chifukwa chanji?

Pali ena amene ndalama zimabwera koma zochepa. Kuchuluka kwake kumatengera anthu a pakhomo, kuyambira mmodzi, awiri, atatu, mpaka anayi kapena kuposa, n'kuonjezerapo kangachepe ka mwana aliyense wa kupulayimale ndi kokulirapo ka wa kusekondale. Mitengoyi imasinthidwa pakapita nthawi, ndiye wa komiti akuuzeni yapano, inu muwerengetsere nokha. Makomo ambiri amataya ndalama mwakachetechete chifukwa mwana anasankhidwa kupita Fomu 1 koma m'kompyuta akadali Sitandade 8, kapena mdzukulu wamasiye anabwera kudzakhala pakhomo koma palibe ananena. Kalata ya ahedi ndi fomu yosinthira zimakonza zimenezi. Wolandira pamanja awerenge ndalama asanachoke patebulo, ndipo aonetsetse kuti zolembedwa m'kabuku ndi zimene zili m'dzanja lake. Wolandira pa foni ayerekeze ndalama zimene ejenti wamupatsa ndi zimene uthenga ukunena. Ndipo mwini khomo akamwalira, abale asamangopitiriza kutapa mobisa. Anene, chifukwa ngati ana otsalawo akadali oyenera, pali njira yoti khomo lipitirire m'dzina la wowasamalira, pomwe kubisa kukadziwika kumatayitsa zonse.

Dandaulo lililonse, kaya la amayi kapena la azakhali, lilembedwe. La pakamwa limathera pansi pa mtengo pomwepo. Pulogalamuyi ili ndi mafomu a madandaulo ndi makomiti omva madandaulo, choncho pemphani kuti lanu lilowe pa fomu, mulembe m'kope tsiku, dzina la amene walilandira ndi tsiku limene wanena kuti mubwerenso. Tsikulo likadutsa popanda yankho, itengereni nkhaniyo kwa wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenako ya dera lonse la mfumu yaikulu, ndi kwa khansala wanu, amene amakhala nawo pamisonkhano ya khonsolo. Zikapitirira kukanika, lemberani kalata bwanamkubwa. Ya pamanja, ya Chichewa, imakwana, bola ikhale ndi nambala ya chiphaso, mudzi, ndi masiku amene munalemba m'kope aja. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha yankho lolembedwa. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu amene sanathandizidwe mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndipo salipiritsa. Wina akapempha chiphuphu, kapena akamadula gawo pa ndalama za olandira, imeneyo ndi ya bungwe lothana ndi katangale, ACB.

Pa maulendo onsewa chiphaso chenicheni ndi kabuku zisatsale m'manja mwa munthu aliyense. Jambulitsani mafotokope angapo pa Namwera pomwepo musananyamuke, muzisiya amenewo. Ngati wantchito wanena kuti kabuku akuyenera kukatenga kuti akakonze china chake, akulembereni kapepala kosonyeza kuti watenga, asainire, aikepo tsiku ndi nambala yake ya foni.